Mphete Yoyenera Dzanja Logwira Khasu



Cimanga cikalowa m'nkhokwe, mbatata ya kacewere ikakumbidwa ndipo fodya akagulitsidwa, nyengo ya maukwati imafika m'parokia mwathu. Maina a ofuna kumanga banja amalengezedwa m'chalichi, ankhoswe amayenda mudzi ndi mudzi, ndipo ife aphunzitsi a katekisimu timakhala pansi ndi anyamata ndi atsikana, ngakhalenso ndi akuluakulu amene akhalira pamodzi zaka zambiri osadalitsa ukwati wao. M'maphunziro amenewa funso limodzi silisowa: kodi mphete ya ukwati iyenera kukhala ya citsulo canji? Ena amafunsa mwamanyazi, ena ngati nthabwala, koma funsoli n'lolemera, pakuti alipo mabanja amene acedwetsa ukwati wao caka ndi caka poyembekeza ndalama za mphete ya golide ndi za phwando lolingana nayo. M'zaka zonsezo mwamuna ndi mkazi amatsala pa mpando pamene anzao akupita kukalandira Ukaristia, ndipo ana ao amakula akuona makolo ali kutali ndi guwa.

Maganizo athu ndi awa. Mphete yoyenera ndi imene citsulo cake cilidi cimene wogulitsa wanena, imene ingapirire nchito za dzanja lanu, ndiponso imene mungaigule osalowa m'ngongole. Kwa ambiri a ife, alimi a khasu, mphete yotere ndi ya siliva kapena ya citsulo cosacita dzimbiri. Golide ndi wabwino kwa amene angamukwanitse ndi mtima wamtendere. Coipa koposa zonse ndi golide wabodza.

Kodi cimene cimamanga ukwati n'ciyani?

Amene tidaphunzira sukulu m'Cipwitikizi timadziwa kuti mphete wamba imachedwa anel, koma mphete ya ukwati ili ndi dzina lakelake, aliança. Liu lomweli ndilo limanena za cipangano ca Mulungu ndi Nowa, ndi Abrahamu, ndi Aisraele pa phiri la Sinai, ndiponso za cipangano catsopano ca m'magazi a Yezu Kristu. Motero dzina la mphete imeneyi limachula lonjezo, za citsulo silinenapo kanthu. Makolo athu adadziwa nzeru yomweyo. Mnyamata akafunsira mbeta ankapereka cikole, kaya mkanda, kaya nsalu, kaya kandalama kocepa, ndipo kulemera kwa cikoleco kunkacokera ku mau amene cidaimira pamaso pa akuluakulu a mbali zonse ziwiri.

Eklezia amaphunzitsa momveka bwino kuti cimene cimamanga ukwati ndi kuvomerezana kwa mwamuna ndi mkazi, mwaufulu, pamaso pa wansembe kapena dikoni ndi mboni ziwiri. Zimenezi zili m'Malamulo a Eklezia pa nambala 1057 ndi 1108, ndiponso m'Katekisimu wa Eklezia Katolika pa nambala 1626. Mukadzakhalanso pa Misa ya ukwati, mudzayang'anitsitse dongosolo lake. Wansembe amayamba ndi mafunso, akwati amagwirana manja ndi kulonjezana, wansembe amalandira lonjezolo m'dzina la Eklezia, ndipo pambuyo pake ndi pamene amadalitsa mphete. Ndiye kuti pamene mphete ikucoka m'mbale kupita ku cala, ukwati wamangidwa kale. Buku la mwambo wa ukwati silichula citsulo ciliconse, ndipo limalolanso maepiskopi a dziko kusintha mwambo wa mphete ngati sugwirizana ndi cikhalidwe ca anthu ao.

Ciphunzitsoci n'cakale ndithu. M'caka ca 866, Papa Nicholas Woyamba adalembera akristu atsopano a ku Bulgaria kalata yowafotokozera miyambo ya ukwati ya ku Roma, kuphatikizapo mphete, mphatso ndi nsalu yofunda mkwatibwi. Atafotokoza zonsezo adaonjezera kuti kusowa kwa zinthu zimenezi si chimo, pakuti umphawi umalepheretsa ena kuzikonza, ndipo kuvomerezana kwa awiriwo n'kokwanira. Zaka zoposa 1,100 zapita, koma mau a Papayo akuyankha nkhawa ya mnyamata wa ku Dómuè kapena ku Tsangano lero lino. Ngakhale Aroma enieniwo, amene mwambo wa mphete tidautenga kwa iwo, sadayambe ndi golide. Pliny, mlembi wao wa m'nthawi ya Atumwi, adalemba kuti mkazi wotomeredwa ankamutumizira mphete yacitsulo yopanda mwala.

Golide: ubwino wake ndi mtengo wake

Golide weniweni sacita dzimbiri ndipo sada. Angakhale m'nthaka zaka mazana, akatulutsidwa amawala monga kale, n'cifukwa cake mitundu yambiri ya anthu idamusankha kuti aimire cikondi cosatha. Komabe golide wosasakaniza ndi wofewa kwambiri, amapindika ndi kukandika msanga, motero amisiri amamusakaniza ndi mkuwa ndi siliva kuti alimbe. Kuculuka kwa golide m'mphete kumayesedwa m'makilate. Makilate 24 ndi golide yekhayekha. Makilate 18 ndiye kuti pa magawo 1,000 a mphete, magawo 750 ndi golide, ndipo nambala 750 imadindidwa m'kati mwa mphete. Makilate 14 amadindidwa 585, makilate 9 amadindidwa 375, pamene golide wa mwambo wa ku Portugal amadindidwa 800. Kwa munthu wogwira nchito zamanja, mphete ya makilate 14 imapirira kukandika kuposa ya makilate oculuka, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, pakuti masamu amateteza thumba. M'caka ca 2025 mtengo wa golide pa msika wa dziko lonse udapitirira madola 3,000 a ku America pa muyeso wa magalamu 31, ndipo caka cisanathe udakwera kupitirira madola 4,000. Titenge mtengo wotsikawo. Galamu imodzi ikukwana pafupifupi madola 96, ndipo posintha pa meticais 64 pa dola imodzi, tikupeza meticais oposa 6,000. Mphete yopyapyala ya magalamu atatu, ya makilate 18, ili ndi golide woposa magalamu awiri, amene mtengo wake ukuyandikira meticais 14,000. Mphete ziwiri ndi meticais oposa 27,000, tisanaonjezere malipiro a mmisiri, phindu la mwini loja ndi ulendo wopita ku Tete kapena ku Lilongwe. Aliyense wa inu angawerengere yekha kuti ndalama zimenezi ndi matumba angati a feteleza kapena malata angati a nyumba.

Masamu amenewa akutiphunzitsanso cinthu caciwiri. Munthu akakuonetsani mphete yonyezimira pa msika ndi kunena kuti ndi golide, koma mtengo wake ndi wa nkhuku ziwiri, musataye nthawi kuiyesa. Palibe wogulitsa amene angapereke golide pa mtengo wocepera golide amene ali m'katimo.

Cikomekome ca mkuyu

Mphete zambiri zooneka ngati golide zimene zimapezeka m'misika ndi za mkuwa wacikasu, umene Apwitikizi amaucha latão, wokutidwa pamwamba ndi golide wopyapyala kuposa tsitsi. Pa tsiku la ukwati imawala kuposa golide weniweni. Ikakumana ndi sopo, mcenga wotsukira miphika ndi mpini wa khasu, cokutiraco cimasupuka, mkuwa umaonekera, ndipo cala cimasanduka cobiriwira. Akuluakulu adati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wogulitsa woona mtima amalemba kuti banhado a ouro kapena folheado a ouro, ndipo pa mphete zina mumapezeka zilembo GP kapena GF, kutanthauza kuti golide ali pamwamba pokha. Koma dziwani kuti nambala 750 ingathe kudindidwanso mwacinyengo. Pali njira zocepa zodzithandizira. Golide ndi wolemera: mphete ya makilate 18 imalemera pafupifupi kawiri kuposa ya mkuwa wacikasu ya msinkhu womwewo. Maginito akaikoka mphete, dziwani kuti si golide, koma akapanda kuikoka musafulumire kukondwa, pakuti mkuwa nawo sukokedwa. Muyeso wodalirika uli kwa mmisiri wa golide, ourives, amene amakhula mphete pa mwala ndi kudonthezapo asidi. Ngati mukugula golide, funsani resibu yolembedwa mtundu wa citsulo, makilate ndi kulemera kwake. Wokana kulemba zimenezi wakuuzani kale zimene akugulitsa.

Tisamvane molakwa. Mphete yokutidwa si chimo mwa iyo yokha. Papa Francisco atasankhidwa m'caka ca 2013, mphete ya udindo wake, yochedwa mphete ya msodzi, idali ya siliva wokutidwa ndi golide, ndipo dziko lonse lidauzidwa zimenezo poyera. Masiku wamba ankavala mphete ya siliva. Colakwa cimabwera ndi bodza. Wogulitsa amene amalandira mtengo wa golide pa mkuwa akuphwanya lamulo lacisanu ndi ciwiri, loletsa kuba, ndi lacisanu ndi citatu, loletsa umboni wonama. Mnyamata amene akudziwa kuti wagula mkuwa, koma akuuza mkwatibwi ndi apongozi kuti ndi golide, akuika bodza pa cala ca mkazi wake pa ola limene akumulonjeza kukhulupirika. Miyezi ingapo ikapita, cala cidzaulula, ndipo mkaziyo adzayamba kudzifunsa kuti ndi mau ena ati a tsiku lija amene adali okutidwa pamwamba pokha.

Siliva

Siliva ndi citsulo camtengo wapatali cimene munthu wa kumudzi angathe kucifikira, pakuti galamu imodzi ya golide imagula magalamu makumi angapo a siliva. Siliva wa mphete amadindidwa 925, kutanthauza kuti magawo 925 pa 1,000 ndi siliva, otsalawo kawirikawiri ndi mkuwa womulimbitsa. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mmisiri angathe kuikulitsa mphete, kuicepetsa, kuilumikiza ikaduka ndi kulembamo maina kapena tsiku la ukwati. Luso limeneli lilipo m'dziko lathu, ndipo amisiri a siliva a pa cilumba ca Ibo, ku Cabo Delgado, ndi odziwika nalo.

Siliva ali ndi zofooka ziwiri. Coyamba, ndi wofewerapo, motero mphete yopyapyala imapindika m'dzanja la mlimi. Sankhani yokhuthala. Caciwiri, siliva amada akakumana ndi salufa, amene amapezeka mu mpweya, mu utsi, m'mazira ndi m'mankhwala ena. Kudako kumakhala pamwamba pokha, ndipo kumacoka mukapukuta ndi kansalu kofewa, madzi ofunda, sopo ndi soda pang'ono. Javel amaononga siliva, ngakhalenso golide wosakaniza, motero vulani mphete pocapa ndi mankhwala amenewa.

Tikunena zimenezi motsindika cifukwa pali anthu amene amati mphete ikada ndiye kuti mwamuna kapena mkazi wayenda njira zacisembwere, kapena kuti wina waliponyera banjalo mankhwala. Abale, mphete si ula. Siliva amada pa cala ca munthu woyera mtima monga amadera pa cala ca wocimwa, ndipo amada ngakhale ali m'bokosi. Nyumba isagwedezeke cifukwa ca cinthu cimene sopo angathe kucotsa.

Citsulo cosacita dzimbiri ndi zinzake

Citsulo cimene m'maloja amacicha inox ndi comwe cija ca masipuni ndi mapoto abwino. Amacisakaniza ndi citsulo cina cochedwa cromo, cimene cimapanga khungu losaoneka ndi maso lochinga dzimbiri. Mphete zabwino za mtundu umenewu kawirikawiri zimadindidwa 316L. Sizida, sizipindika, siziopa madzi kapena thukuta, ndipo mtengo wake ndi wocepa kwambiri. Kwa mkazi wotunga madzi, wosinja ndi wotsuka miphika tsiku ndi tsiku, ndiponso kwa mwamuna woumba njerwa kapena msodzi wa pa nyanja ya Niassa, citsulo cimeneci n'cimene cimapirira koposa. Sankhani ya mtundu wake wacibadwa, wotuwa ngati siliva, pakuti inox wooneka wacikasu ndi wokutidwanso pamwamba.

Zofooka zake tisazibise. Mphete ya inox ndi yovuta kuikulitsa kapena kuicepetsa, ndipo ndi yovutirapo kuidula cala cikatupa. Muli citsulo cina cochedwa níquel, cimene cimayabwitsa khungu la anthu ena. Amene ndolo za pa msika zimamutupitsa makutu ayambe waivala masiku angapo ukwati usanafike, ndipo ikamuyabwa asankhe siliva.

Palibe cocititsa manyazi m'citsulo. Makolo athu Amaravi adachuka ndi ng'anjo zao ndi makasu amene ankasula ndi kugulitsa kutali, ndipo kum'mwera kwa dziko lathu makasu ankaperekedwa pa malowolo. Citsulo cimene cimadyetsa banja cingathenso kuimira lonjezo la banjalo.

Masiku ano kwabweranso mphete za titânio ndi za tungsténio. Ya titânio ndi yopepuka, yolimba, ndipo siyabwitsa khungu, koma ndi yovuta kuisintha msinkhu. Ya tungsténio ndi yolemera ndipo sikandika, koma singasinthidwe konse, ingathe kusweka ikagwa pa mwala, ndipo siidulika ndi cipangizo wamba codulira mphete. Amaicotsa poiphwanya ndi mbano zolimba. Kwa ife amene cipatala cacikulu cili kutali, mphete yotere sitikuilimbikitsa. Nanga ya mkuwa? Imasiya cala cobiriwira, koma mtunduwo umacoka ndi sopo. Ngati ndiyo imene muli nayo, ndipo nonse awiri mukudziwa kuti ndi mkuwa, bwerani nayo. Wansembe adzaidalitsa ndi pemphero lomwe lija limene amadalitsira golide.

Dzanja limene lidzavale

Posankha, yang'anani dzanja musanayang'ane galasi la m'loja. Mphete ya ukwati imavalidwa zaka makumi, motero ikhale yosalala, yopanda mwala kapena zokongoletsa zosongoka, pakuti mwala umakola m'nsalu, umakanda khanda ndipo umagwa m'munda. Pitani awiri kukayesa zala, makamaka masana kukatentha, pamene zala zakula pang'ono. Mphete yabwino imadutsa pa mfundo ya cala mokakamira pang'ono, kenaka imazungulira momasuka.

Zala zimasintha. Mayi woyembekezera kawirikawiri amatupa manja m'miyezi yomaliza, motero avule mphete msanga ndi kuimanga pa cingwe m'khosi pamodzi ndi mendulo yake. Mphete ikakanirira, imikani dzanja m'mwamba, liviikeni m'madzi ozizira, pakani sopo kapena mafuta ophikira. Cala cikayamba kucita dzanzi kapena kusintha mtundu, thamangirani ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo lolani kuti mphete idulidwe. Ogwira nchito pa cigayo, okonza njinga zamoto ndi okweza katundu pa malole azivula mphete, pakuti ikakola pa lamba, pa msomali kapena pa citsulo ca galimoto munthu akudumpha, ingathe kusenda cala kufikira pa fupa. Okonza mabatire a galimoto ndi a sola acite cimodzimodzi, cifukwa mphete ikagunda mbali ziwiri za magetsi imatentha m'kamphindi ndi kuocha cala.

Kuvula mphete pa zifukwa zimenezi sikuphwanya lonjezo. Ndipo mphete ikataika m'dimba kapena ikaduka, ukwati sudataike. Gulani ina mukapeza mpata, mubwere nayo kwa wansembe kuti aidalitse, basi. Koma amene amavula mphete polowa m'bala kapena pofika ku tauni kuti aoneke wosakwatira, ameneyo vuto lake silili pa citsulo, ndipo malo ake okakonzera ndi ku sakramenti la kulapa.

Kodi cikondi sicikuyenera zopambana?

Alipo amene angatitsutse, ndipo mau ao tiyenera kuwamva. Adzatikumbutsa za Mariya wa ku Betaniya, amene adadzoza Ambuye mafuta amtengo wapatali, ndi kuti amene adadandaula za mtengo adali Yudasi, monga timawerengera pa Yohane 12. Amayi enanso adzati: amuna awa amapeza ndalama za njinga yamoto, za foni ndi za mowa, koma ikafika nkhani ya mphete ya mkazi amakumbukira umphawi, ndipo tsopano aphunzitsi awapatsa pobisalira.

Amayi, mwanena zoona, ndipo mwamuna waumbombo asabisale kumbuyo kwa nkhani ino. Amene ali nazo, koma amagulira mkazi wake cinthu cosankhidwa mwamphwayi pamene iye akudzikongoletsa, waonetsa kale malo amene mkaziyo adzakhale nao m'nyumba mwake. Mphete iyenera kumudyera munthu kanthu: thukuta, nthawi, ulendo, kudzimana. Amene wagulitsa ng'ombe imodzi mwa khumi, ana ali pa sukulu ndipo nkhokwe yadzaza, agule golide ndi cimwemwe, ndipo ife tidzakondwera naye. Koma tikumbukire kuti mafuta amene Mariya adathira adali ake. Sadawatenge pa katapila. Mnyamata amene wagulitsa mbeu, wadya ndalama za feteleza kapena wakongola kwa munthu wofuna ciongoladzanja ca mwezi ndi mwezi kuti agule golide, wapatsa mkazi wake njala ya mwezi wa Febuluwale yokulungidwa m'kabokosi.

Ena amati golide ndi cuma cosungira tsiku loipa. N'zoona kuti golide sataya mtengo monga zitsulo zina, koma wogula mphete yakale amalipira kulemera kwa golide kokha, ndiponso pa mtengo wotsika. Za mmisiri ndi phindu la loja sizibwerera. Wofuna kusungira njala agule mbuzi, zimene zimaswana. Papa Francisco, m'kalata yake Amoris Laetitia ya m'caka ca 2016, pa nambala 212, adadandaula kuti zokonzekera phwando zimatha ndalama ndi mphamvu za akwati, kotero kuti ena safika n'komwe pa ukwati, ndipo adapempha otomerana kulimba mtima kuti asiyane ndi khamu posankha cikondwerero cosafuna zambiri.

Tisaiwalenso kumene golide amacokera. Ku Manica, ku Chifunde, ku Macanga ndi ku Lupilichi, abale athu amatsikira m'maenje amene nthawi zina amawagumukira, ndipo ambiri amalekanitsa golide ndi dothi pogwiritsa nchito mercúrio, amene amaononga ubongo wa wopuma utsi wake ndi kuipitsa mitsinje. Ogwira nchito imeneyi adziwe kuti mercúrio akakhudza mphete ya golide amaiyeretsa ndi kuiononga. Golide ndi colengedwa ca Mulungu, ndipo kuipa kapena ubwino wake kumacokera kwa womugwira. Pa Eksodo 32 ndolo za Aisraele zidasanduka fano la mwanawang'ombe, ndipo pa Eksodo 35 anthu omwewo adapereka ndolo ndi mphete zao kuti zikongoletse cihema ca Mulungu. Aliyense adzifunse kuti golide amene akumulakalaka akumutsogolera ku citi mwa ziwirizi.

Kwa makolo, ankhoswe ndi mpingo wonse

Kunena zoona, acinyamata ambiri saopa wansembe pa nkhani imeneyi. Amaopa ife. Amaopa azakhali amene adzagwira dzanja la mkwatibwi ndi kulitembenuza pa dzuwa, amaopa anzao amene adzajambula cithunzi ndi kucitumiza pa WhatsApp, amaopa kunong'onezana kwa pa citsime. Yakobe Woyera, pa mutu 2 wa kalata yake, adadzudzula akristu amene ankapatsa malo aulemu munthu wovala mphete zagolide ndi kuimika wosauka kumbuyo. Ngati kuseka kwathu kwalepheretsa banja limodzi kulandira sakramenti, mlandu wa zaka zimene banjalo lakhala kutali ndi Ukaristia uli pa ife tomwe.

Motero tikupempha zinthu zocepa zimene zingatheke. Ankhoswe, pokambirana za ukwati, yambani ndi kufunsa zimene anawo ali nazo, ndipo mtengo wa mphete ulowe m'kati mwa zimenezo. Makolo a mkazi, musaike golide pa mndandanda wa zofunika. Apadirinyu ndi amadirinya, ngati mukufuna kupereka mphete ngati mphatso, funsani awiriwo za nchito zao ndi msinkhu wa zala zao, ndipo muwauze poyera citsulo cimene mwagula. Akwati, ndi bwino kuti mphete zanu ziwiri zikhale za citsulo cimodzi, pakuti lonjezo lanu ndi limodzi ndipo ulemu wanu pamaso pa Mulungu ndi wofanana. Atsogoleri a makomunidade, pamene mabanja angapo akudalitsa maukwati pa Misa imodzi, sonkhanitsani ndalama ndi kutuma munthu mmodzi wodalirika kukagula mphete zofanana kwa onse. Mtengo umatsika, cinyengo cimacepa, ndipo palibe mkwatibwi amene adzabise dzanja m'citenje poona la mnzake. Mutu umodzi susenza denga.

Pomaliza, taonani nzeru imene ili m'mwambo wokumbukira zaka za ukwati. Banja likakwanitsa zaka 25 timati lafika pa bodas de prata, cikondwerero ca siliva, ndipo likakwanitsa zaka 50 timati bodas de ouro, cikondwerero ca golide. Mwambo umenewu umaika golide kumapeto kwa ulendo, pamene awiriwo adutsa m'njala, m'matenda, m'maliro a ana ndi m'kukhululukirana kosawerengeka. Petulo Woyera, pa mutu 1 wa kalata yake yoyamba, amayerekeza cikhulupiriro coyesedwa ndi golide wodutsa m'moto, ndipo amati cikhulupiriroco n'camtengo woposa. Agogo amene afika pamenepo, kaya mphete yao idatha n'kupyapyala, kaya idataika kalekale pothawa nkhondo, ali ndi golide amene loja iliyonse ilibe. Ngati ana ndi adzukulu adzafune kusonkha kuti awaveke mphete yagolide pa tsiku limenelo, adzacite, pakuti pamenepo citsulo cidzakhala cikunena zoona zokhazokha.

Inu amene mwakhala mukuyembekeza, kaonaneni ndi mphunzitsi wa komunidade yanu Lamulungu likudzali kuti maina anu alembedwe. Mudzabwere ndi siliva, ndi inox, kapena ndi cimene manja anu apeza mwacilungamo. Banja Loyera la ku Nazarete likupempherereni, ndipo Mulungu, mwini cipangano, asunge nyumba zanu mu mtendere.